Duwa la Agogo Anu Aakazi ndi Botolo la pa Siteji

 Nkhani ya lero yandivuta kuilemba chifukwa ikukhudza thupi langa lomwe, komanso mnzanga amene tinamuika m'manda.

Mwezi wathawu mdzukulu wanga wamkazi wa ku Machinjiri anabwera kudzandizonda. M'chikwama mwake munali nthochi ndi botolo lapulasitiki la malita awiri lodzaza madzi akuda ngati tiyi wopanda mkaka. Analigula pa siteji ya minibasi kwa bambo wina wolengeza malonda ake pa chimkuzamawu. Pa pepala lomata pabotolopo panalembedwa kuti madziwo amachiza shuga, kuthamanga kwa magazi, khansa ndi zotupa zamtundu uliwonse, ndiponso amakweza chitetezo cha m'thupi. Dzina la mtengo panalibe, muyeso wa kamwedwe panalibenso. Mwanayo anagwada nati, "Agogo, akuti awa amathetseratu shuga. Mapilitsi aja mwatopa nawo." Sananame. Ndakhala ndikumwa metformin m'mawa ndi madzulo kuyambira 2012, ndipo kutopa kulipo. Ndinalandira botololo ndi manja awiri, pakuti mphatso ya mwana sakanira pakhomo, koma sindinalitsegule.

Musaganize kuti ndimanyoza mankhwala achikuda. Ndinaleredwa ndi mizu ndi makungwa. Agogo anga aakazi, amayi awo a mayi anga, anali odziwa mitengo, ndipo ine ndinali wonyamula khasu lawo popita kuthengo. Zimene ndimakumbukira kwambiri ndi malamulo awo. Khungwa ankasenda mbali ya kum'mawa ndi ya kumadzulo kokha, osazungulira mtengo wonse, kuti usaume. Akakumba muzu ankakwirira dzenje. Mankhwala a khanda ankayesa ndi chigoba cha nkhono, a munthu wamkulu ndi kachikho kena kamene kanalibe ntchito ina m'nyumbamo. Asanapereke kwa wodwala ankayamba alawa okha. Ndipo matenda akawakanika ankanena poyera kuti, "Izi si zanga, pitani kwina." Sindinawamvepo akunena kuti mtengo umodzi umachiza nthenda zisanu ndi ziwiri. Ankadziwa bwino kuti mwabvi nawonso ndi khungwa la mtengo, ndipo unatha anthu ambiri m'midzi.

Mitengo ya dziko lino inalembedwapo m'mabuku. Jessie Williamson anatulutsa buku la zomera zothandiza za Nyasaland mu 1955, Brian Morris analemba Chewa Medical Botany mu 1996, ndipo ku Zomba kuli National Herbarium kumene amasunga zomera zouma ndi mayina ake. Choncho nzeru za agogo anga sizinali zamanyazi. Chimene chinatayika pakati pa mudzi ndi siteji ya minibasi ndi kachikho kaja.

Ndinamutenga mdzukulu wangayo n'kupita naye kuseri kwa nyumba, kumene malemu agogo ake aakazi anabzala maluwa. Mukulidziwa duwalo nonsenu, ngakhale mwina simunalifunsepo dzina. Ndi kachitsamba kakafupi ka masamba obiriwira onyezimira, duwa lake la timapiko tisanu, lina lapinki lina loyera. Limamera m'mphepete mwa mipanda ku Zingwangwa, m'ngalande za ku Ndirande, ngakhale kumanda, ndipo chilimwe sichilipha. Angerezi amati periwinkle, akatswiri a zomera amati Catharanthus roseus, ndipo kwawo kwenikweni ndi ku Madagascar.

Ku Jamaica anthu ankawiritsa masamba a duwali n'kumamwa ngati mankhwala a shuga. Mu 1952 masamba ena anatumizidwa ku Canada, kumene anafika m'manja mwa Robert Noble wa pa University of Western Ontario. Iye anafuna kuona ngati akutsitsadi shuga m'magazi. Sanapeze kusintha kwenikweni. Koma atabaya makoswe madzi a masambawo, makoswewo anayamba kufa ndi tizilombo timene khoswe wathanzi amalimbana nato mosavuta. Poyeza magazi anapeza kuti maselo oyera, amene timati asilikali a m'thupi, atha. Taonani pamenepo: tsamba limene anthu ankati ndi la shuga linapezeka kuti likugwetsa chitetezo cha m'thupi.

Munthu wopupuluma akanataya masambawo kudzala. Noble ndi mnzake Charles Beer anaganiza mwina. Pali khansa ya m'magazi imene maselo oyera amachulukana mopanda malire. Ngati chinthu china m'tsambali chikuletsa maselo kuchulukana, mwina chingagwire ntchito pamenepo. Pofika 1958 anali atapatula mankhwala otchedwa vinblastine. Akatswiri a kampani ya Eli Lilly ku America anapatulanso ena ofanana nawo otchedwa vincristine, amene analoledwa kugwiritsidwa ntchito mu 1963. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kotere, ndifotokoze monga ndinkachitira m'kalasi: selo likafuna kugawikana kukhala awiri, limayala timaulusi tokokera katundu wake mbali ziwiri. Mankhwalawa amalepheretsa timaulusito kulukika, ndipo selo limafa lisanagawikane. Maselo a khansa amagawikana mwaliwiro kuposa ambiri, choncho ndiwo amakhudzidwa kwambiri.

Nkhani imeneyi si yakutali ndi ife. Nditangotuluka kukoleji ya aphunzitsi, m'zaka za m'ma 1970, ananditumiza kusukulu ina kufupi ndi nyanja. M'Sitandade 3 munali mnyamata wochenjera pa masamu. Teremu ina tsaya lake linayamba kutupa, mano n'kumagwedera. Anamutema mphini, anamufukiza, anthu n'kumanong'onezana za ufiti. Patangotha miyezi yochepa mpando wake unali wopanda munthu. Patapita zaka ndipamene ndinawerenga za dokotala Denis Burkitt, amene mu 1958 ku Uganda anafotokoza chotupa cha nsagwada cha ana a ku Africa, ndipo mu 1961 anayenda ulendo wautali pagalimoto, kudutsanso m'dziko lino, akufunsa m'zipatala kumene chotupacho chimapezeka. Anaona kuti chimakonda madera otentha ndi achinyezi, kumenenso malungo amachuluka. Pambuyo pake zinadziwika kuti malungo obwerezabwereza pamodzi ndi kachilombo ka Epstein-Barr, kamene kanapezeka mu 1964, ndiwo amatsegulira njira chotupachi. Sindikayika kuti ndicho chinatenga mwana wanga uja. Chotupa chimenechi chimakula mofulumira, koma chimamvanso mankhwala mofulumira chikapezeka msanga. Kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene akuluakulu timangoti ku Gulupu, madokotala a ana monga Pulofesa Elizabeth Molyneux anagwira ntchito zaka zambiri pa matendawa, ndipo vincristine ndi amodzi mwa mankhwala amene akhala akugwiritsidwa ntchito. Anthu ambiri odwala khansa ya pakhungu ya Kaposi m'dziko muno anabayidwanso vincristine yemweyo.

Mdzukulu wanga anayang'ana duwa lija n'kufunsa funso limene ndinkaliyembekezera: "Nanga agogo, bwanji osangowiritsa masambawa?" Yankho lake ndi muyeso. Mankhwalawo m'tsamba ndi ochepa kwambiri, moti pamafunika masamba ouma olemera makilogalamu mazanamazana kuti apeze galamu imodzi. Tsamba lomwelo lili ndi mankhwala ena ambirimbiri osakanikirana, ena oopsa. Vincristine samwedwa, amalowetsedwa mumtsempha wa magazi, ndipo dokotala amawerengera kulemera ndi msinkhu wa wodwala. Ukachepa muyeso chotupa chimapitirira kukula, ukachuluka manja ndi mapazi zimachita dzanzi, m'mimba mumauma, munthu n'kupuwala kapena kufa. Mphika wa pamafuwa sungawerengere zimenezi.

Kenaka ndinamuonetsa mapilitsi anga, amene iye ankawaona ngati mdani wa zitsamba. Nawonso mbiri yake inayambira pa chomera. Ku Ulaya kuli chitsamba chotchedwa Galega officinalis, chimene asing'anga akumeneko ankapatsa anthu a ludzu losatha ndi okodza pafupipafupi, zizindikiro zimene aliyense wa shuga amazidziwa. Chitsambacho chimatsitsadi shuga, koma chimaphanso nkhosa zikachidya chambiri. Asayansi anafufuza chimene chikugwira ntchito m'menemo n'kupanga abale ake m'labotale. Ena mwa abalewo anapezeka oopsa n'kuchotsedwa. Metformin anapangidwa mu 1922, koma anakhala osalabadiridwa mpaka 1957 pamene dokotala wa ku France, Jean Sterne, anayesa pa odwala. Ntchito yake yaikulu ndi kuuza chiwindi kuti chichepetse shuga amene chimathira m'magazi. Sachiza nthendayi, amangoiweta, n'chifukwa chake ukawasiya shuga amakweranso. Ndipo LA amene timamwa tikadwala malungo kuyambira 2007, mbali imodzi ya mphamvu yake inachokera ku chitsamba cha ku China chotchedwa Artemisia annua. Mayi amene anatsogolera ntchitoyo, Tu Youyou, analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Tikamati mankhwala achizungu ndi achikuda ngati kuti ndi mitundu iwiri yodana, timaiwala kuti ambiri anatuluka m'thengo limodzi.

Za chammwamba ndinenepo mwachidule, poti mwandifunsa kangapo. Ndimadya masamba ake otendera, ndipo ndi ndiwo yopatsa thanzi. Kafukufuku wa pa makoswe ndi wa pa magulu ang'onoang'ono a anthu waonetsa kuti angatsitseko shuga pang'ono. Zimenezo sizimasandutsa ndiwo kukhala cholowa m'malo mwa mapilitsi kapena jakisoni wa insulini.

Mawu akuti "kukweza chitetezo" ndi amene amandidetsa nkhawa kuposa onse, chifukwa a msinkhu wanga tinaona za 1995. Chaka chimenecho anthu miyandamiyanda anakhamukira ku Machinga kwa Billy Goodson Chisupe kukamwa mchape, umene ankati analoteredwa kuti uchiza Edzi. Malole ankanyamuka m'makomboni muno atadzaza thothotho, ndipo aphunzitsi anga ena anapempha tchuthi. Sindinawaletse, nthawi imeneyo kuchipatala kunalibe chowapatsa, ndipo munthu womira amagwira ngakhale udzu. Maliro sanaleke. Anayamba kuchepa pamene boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004. Chinanso chimene ambiri sadziwa n'chakuti zitsamba zina zimalimbana ndi mankhwala akuchipatala m'thupi. Chitsanzo chodziwika ndi St John's wort wa ku Ulaya, amene amachititsa chiwindi kuchotsa msanga ma ARV ena m'magazi, kachilombo n'kupeza mpata. Tsono botolo lopanda dzina la mtengo, ndani angadziwe chimene likuchita?

Mnzanga amene ndamutchula poyamba uja ankakhala ku Bangwe. Tinali limodzi kukoleji, tinapumanso ntchito zaka zoyandikana, ndipo shuga anatipeza tonse. Iye anatopa ndi mizere ya kuchipatala ndi masiku amene ankabwerako chimanjamanja mankhwala atatha, ndipo pa kutopa kumeneko sindimuweruza. Anayamba kumwa mabotolo onga limeneli, nasiya mapilitsi mwakachetechete. Nditakamuona anandiuza akuseka kuti, "Achimwene, ine ndinachira, thupi lapepuka." Kupepukako kunali kuwonda. Shuga ndi nthenda yachinyengo, imadya mitsempha ya m'mapazi, maso ndi impso munthu osamva ululu. Anaponda msomali osadziwa, chilonda chinakana kupola, ndipo pamene ana ake anamutengera kuchipatala mwendo unali utada. Ngakhale ali pabedi, namwino atamufunsa ngati ankamwa china chake kunyumba, anakana. Mphunzitsi wamkulu wopuma, kuvomera kuti ananyengedwa ndi chimkuzamawu? Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Anamudula mwendo, ndipo sanathe chaka.

Mlandu wanga pa nkhaniyi ulipo. Tsiku lija ndinaliona botolo pawindo lake, ndinadziwa chimene linali, koma ndinakhala chete poopa kumuchititsa manyazi pamaso pa akazi ake. Mwambo wathu wolemekezana ndi wabwino, koma tsiku limenelo ndinaugwiritsa ntchito molakwa, pakuti mwambo womwewo umatinso wakutsina khutu ndi mnansi. Ndimaganizabe za windo limenelo.

N'chifukwa chake botolo la mdzukulu wanga sindinangolitaya kuseri iye atapita, monga ulemu ukanafunira. Ndinamufotokozera zonsezi tili chiimire pa maluwa a agogo ake, mpaka dzuwa linapendeka. Anakhumudwa, poti ndalamazo anazisunga pa malipiro ake oyamba, ndipo ndinamuuza kuti chikondi chake ndachilandira chonse. Tinagwirizana kuti tsiku langa lokayezetsa shuga tipitire limodzi, botololo lili m'manja. Tinapitadi. Namwino anali mwana amene ndinamuphunzitsapo kalekale. Analitembenuza, naliwerenga, nati, "Aphunzitsi, mwachita bwino kubwera nalo. Ambiri amatiuza mochedwa." Anandiyeza, anandivula nsapato n'kuyang'ana pakati pa zala za kumapazi, kenaka anamuyezanso mdzukulu wangayo, popeza nthendayi imayenda m'magazi a banja.

Pobwerera kwawo mwanayo anazula timbande titatu ta duwa lija, tiwiri tapinki ndi kamodzi koyera, kuti akabzale ku Machinjiri. Ndinamuchenjeza kuti akabzale kutali ndi pamene amasewera mng'ono wake, chifukwa mwanayo ali pa msinkhu woika chilichonse m'kamwa.