Kasinja wa pinki wa ku Prague

Mu April 1991, anthu a ku Prague, likulu la Czechoslovakia, anadzuka n'kupeza kasinja wa Soviet Union, amene anakhala pachipilala kuyambira 1945, atapakidwa penti ya pinki. Anamupaka usiku ndi David Černý, mnyamata wa zaka 23 wophunzira zaluso. Apolisi anamugwira, asilikali n'kubwezeretsa mtundu wobiriwira. Koma aphungu 15 anatenga mabulashi n'kukapakanso pinki!

Ine nkhaniyi imandiseketsa, komanso imandikhudza. Kasinjayu anaikidwa pokumbukira asilikali amene anathamangitsa a Nazi. Mu 1968 akasinja a dziko lomwelo anabweranso, ulendo uno kudzapondereza anthu ofuna ufulu. Ndiye tangoganizani khomo limodzi: agogo amene anaponyera asilikali maluwa mu 1945, ndi mwana wawo amene anathawa zipolopolo mu 1968, onse akudutsa pachitsulo chomwecho popita kumsika.

Kwa ine, penti inaposa nyundo. Inachotsa mantha, koma n'kusiya chinthucho poyera kuti awiriwa azikanganabe. Akuluakulu sanapirire, anamuchotsa chaka chomwecho. Lero ali kumyuziyamu ya asilikali ku Lešany, akadali wa pinki.