Njala ya Zimbale

Ndalama imanunkha komwe yachokera, ndipo kuno ku Senga Bay yambiri imanunkha nsomba. Imavuuka m'madzi m'bandakucha pamene asodzi a kauni akuzimitsa nyali zawo, ndipo dzuwa likamafika paliwombo imakhala itadutsa kale m'manja mwa mwini chilimira, anyamata okoka khoka, amayi oyanika usipa pathandala, wakabaza ndi wogulitsa mowa. Ife amene tidazolowera kudikira malipiro a pamwezi timakonda kuwaseka asodzi kuti sadziwa kusunga. Koma ndakhala nthawi yokwanira padziko lino kuti ndione kuti munthu aliyense ali ndi una wake umene ndalama zake zimalowamo. Wina ndi mowa, wina ndi kubetcha mpira pafoni, wina ndi zitenje zoti sadzazivala n'komwe. Una wanga ndi zimbale za nyimbo.

Ndipo si nyimbo zoti mnansi angabwere kudzabwereka. Ndi zija azungu amazitcha classical, zoyimbidwa ndi chikhamu cha mavayolini, zitoliro ndi malipenga, kapena ndi munthu mmodzi yekha atakhala pa piyano kwa ola lathunthu osatsegula pakamwa. Ndidakumana nazo ku sukulu ya zauphunzitsi, pamene mphunzitsi wathu wa kwaya adadzaza bolodi lonse ndi ma d, r, m natiphunzitsa Hallelujah Chorus ya Handel, imene idamveka koyamba ku Dublin m'chaka cha 1742. Tidaiyimba ndi makosi okha, ndipo ine ndinkayesa kuti ndi mmene idapangidwira. Patapita zaka ndidaimva pa kaseti. Pansi pa mawu amene ndinkawadziwa panali mavayolini akuthamanga, malipenga ndi ng'oma zikuluzikulu, ngati munthu amene wakhala akuona nyanja ali pagombe tsiku lina n'kuviika mutu ndi kuona mbuna zamawangamawanga pakati pa miyala. Kaseti imeneyo ndidaigula. Ndiyo idali mbeta yoyamba m'mudzi umene lero wadzaza mashelefu atatu.

Anthu amene sadalawepo nyimbozi samvetsa kuti msampha wake uli pati, choncho ndiloleni ndiufotokoze. Mukagula chimbale cha Lucius Banda chotchedwa Son of a Poor Man, mwagula basi, nkhani yatha, chifukwa nyimbozo ndi mawu akewo ndi chinthu chimodzi. Koma Bach ndi Beethoven adamwalira makina ojambula mawu asadabwere. Adasiya nyimbo zawo papepala, ndipo woyimba aliyense amene watola pepalalo amaliwerenga mwanjira yake. Nyimbo imodzi imabala zimbale mazanamazana, ndipo palibe ziwiri zofanana.

Tengani Glenn Gould, woyimba piyano wa ku Canada. M'chaka cha 1955, ali mnyamata, adajambula Goldberg Variations ya Bach nkuimaliza m'mphindi pafupifupi 38, zala zikuthamanga ngati usipa wothawa ncheni. M'chaka cha 1981 adabwereranso ku nyimbo yomweyo nkutenga mphindi 51. Apa akuyenda ngati nkhalamba yobwerera kumudzi madzulo, ndipo mukatchera khutu mumamumva akung'ung'udza chapansipansi pamene akuyimba. Chaka chotsatira adamwalira ali ndi zaka 50. Tsono ndiuzeni, owerenga, mwa ziwirizi mungasiye chiti? Ine ndili nazo zonse, ndipo sindiona kuti ndidagula chinthu chimodzi kawiri. Ndidagula ubwana ndi ukalamba wa munthu mmodzi.

Koma mukalola zimenezi pa Gould, mwatsegula khola. Herbert von Karajan adajambula masimfoni onse asanu ndi anayi a Beethoven kanayi konse, kamodzi ku London ndipo katatu ku Berlin. Wilhelm Furtwängler ali ndi simfoni yachisanu ndi chinayi imene adatsogolera ku Bayreuth mu 1951, nkhondo itangotha zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo okonda nyimbozi amaitchula motsitsa mawu ngati akutchula manda a mafumu. Ukamva kuti pali ina, mtima umayamba kukunong'oneza kuti mwina imeneyo ndiyo yeniyeni, kuti zimene uli nazozi n'zongoyandikira. Akuluakulu adaona kale: ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Pusi wake sadali wanjala. Adali ndi chipatso m'manja.

Ku Salima kulibe sitolo yogulitsa zinthu zoterezi. Mukayenda pa Kamuzu Road mupeza matayala, mpunga wa ku Lifuwu, mafoni ndi zokuzira mawu zolira ngati bingu, koma mukafunsa za Mozart akulozerani kwa wokonza njinga zamoto. Zimbale zanga zidabwera m'njira zokhotakhota. Zina ndidazitola ku Lilongwe pakati pa mabuku a kaunjika, zina kwa azungu amene ntchito yawo yatha ndipo akugulitsa katundu asadakwere ndege, koma zambiri amabwera nazo ndi mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Izi zikutanthauza kuti mtengo wake umawerengedwa m'marandi, pomwe penshoni yanga imabwera m'makwacha. Kwacha idagwa mu Meyi 2012, idagwanso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nthawi iliyonse Beethoven ankakwera mtengo ali chigonere m'manda mwake ku Vienna.

Mayi akunyumba sawerengera m'marandi kapena m'makwacha. Iwo ali ndi muyeso wawo. Ndikawaonetsa kabokosi katsopano amakatembenuza uku ndi uku nkufunsa modekha kuti, "Bambo, kameneka ndi ndowa zingati za chimanga?" Ndikawauza mtengo amawerenga pazala. "Ndowa ziwiri ndi theka. Chabwino. Tidzakaphika mu Febuluwale." Sakalipa, ndipo kusakalipako ndiko kumalasa. Funso lawo ndi loona, chifukwa m'nyumba muno muli adzukulu awiri a ku sekondale, ndipo fizi siyidziwa Bach.

Chodabwitsa n'chakuti chimene chimadya ndalama kwambiri si chinthu chodula ayi. Chodula umachiyang'ana, nkumeza malovu, nkupita. Chimene chimakugwetsa ndi chotchipa. Kuyambira 1987, pamene kampani ya Naxos idayamba kugulitsa ma CD a nyimbozi pamtengo wotsika, ndipo makamaka anthu a kunja atayamba kutaya ma CD awo chifukwa cha intaneti, zimbale zakhala zikupezeka m'mabokosi a makumi atatu kapena asanu pamtengo wa zinayi. Mtima umati uku si kuwononga, uku ndi kupulumutsa ndalama. Ndi nzeru yomweyi imene imagulitsa mayi beseni lathunthu la bonya chifukwa lero watchipa, chikhalirecho kunyumba kulibe poyanika. Bokosi la ma CD makumi asanu ndi maola oposa makumi asanu a kumvetsera, ndipo magetsi a kuno sakhala nawe maola onsewo.

Nyanja nayonso imatenga msonkho wake. Kutentha kwa mu Okutobala kumapinda mbale zakuda zija za galamafoni mpaka kuoneka ngati chipewa cha mlaza. Chinyezi cha dzinja chimameretsa nkhungu pa ma CD ndi kumata riboni ya kaseti. Mchenga umene mwera amauulutsa mu Julayi umalowa paliponse. Mu 2024, pamene madzi a nyanja adakwera nkulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mphepete muno, usiku wina ndidapezeka ndikukweza makatoni pamwamba pa kabati, adzukulu akunyamula matumba a chimanga. Madzi sadafike pakhomo pathu, koma aliyense adaonetsa chimene amachitcha chuma.

Mdzukulu wanga wamkulu sandimvetsa. "Agogo, zonsezi zili pa YouTube. Mungogula bandulo." Akunena zoona, ndipo adandionetsa: Gould wa 1955, Gould wa 1981, Furtwängler, onse ali m'kafoni kong'aluka galasi. Poyamba ndinkati bandulo imatha, netiweki imathawa, pomwe chimbale chili pashelefu n'chako, monga fodya wako ndi amene ali pamphuno. Yankho limeneli lili ndi mbali yake yoona. Koma funso la mwanayu lidandithandiza kuona kuti m'mimba mwa wosonkhanitsa zimbale muli njala ziwiri zofanana nkhope. Ina ndi njala ya kumva, ndipo imeneyi foni ikhoza kuithetsa. Inayo ndi njala ya kukhala nacho, kuchigwira, kuchiika pamzere ndi zinzake, ndipo imeneyi siikhuta, chifukwa chakudya chake si nyimbo. Chakudya chake ndi mpata umene watsala pashelefu.

Njala yachiwiriyi sindiinyoza. Dziko likadapanda anthu odwala matenda amenewa, mawu ambiri a makolo athu akadapita ndi mphepo. Hugh Tracey adayenda m'Nyasaland ndi makina ake mu 1950, 1957 ndi 1958, akujambula Achewa, Amang'anja, Ayao, Atonga ndi Atumbuka, oyimba bangwe ndi magule a m'midzi. Zimene adajambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music, imene adaikhazikitsa mu 1954 ndipo tsopano ili ku Rhodes University ku South Africa. Kampani ya SWP Records ya ku Netherlands idatulutsa ma CD awiri a nyimbo za ku Malawi zochokera m'nkhokwe imeneyi, ndipo mwa zimbale zonse zimene mphwanga uja adandibweretsera, ziwirizi ndizo zokha zimene mayi akunyumba sadafunse kuti ndi ndowa zingati. Adakhala pamkeka nkumvetsera mpaka kumapeto, kenako adati mawu a mayi wina m'menemo akufanana ndi a agogo awo akamasinja.

Ndimaganiziranso za Gerhard Kubik. Munthuyu ndi wa ku Vienna, mzinda wa Haydn, Mozart, Beethoven ndi Schubert, komwe ine mtima wanga umalakalaka utafika. Koma iye mu 1967 adaima mumsewu ku Blantyre kumvetsera anyamata awiri a ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, akuyimba gitala ndi chitoliro, ndipo adathera zaka zambiri akujambula ndi kulemba za nyimbo zawo. Ine ndikutumiza makwacha kuti andigulire za kwawo, iye adawoloka nyanja kudzatola za kwathu. Daniel adamwalira mu 1987, Donald mu 2001. Allan Namoko, wakhungu wa ku Thyolo amene banjo yake inkalira ngati munthu, adapita mu 1995. Timbale ting'onoting'ono timene kampani ya Nzeru Record Company inkatulutsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndani akutisunga? Nanga makaseti aja tinkagula kwa O.G. Issa ku Limbe, amene ankalira m'minibasi iliyonse, ali kuti lero? Ambiri adathera padzala, riboni yake ana adakulungira mpira kapena kuzinga dimba kuopseza mbalame.

Apa ndipo pamene ndalama yanga imasiyanitsa. Beethoven safuna kwacha yanga. Simfoni yake yachisanu ndi chinayi yakhala ikuyimbidwa kuyambira 1824, ili m'nkhokwe za mayiko onse, ndipo ngakhale shelefu yanga itakokoloka ndi madzi mawa, dziko silingataye kanthu. Koma kaseti ya kagulu ka jazi ka m'mudzi, kamene kadajambula kamodzi kokha nkubalalika, mwina yatsala imodzi m'boma lonse la Salima, ndipo ili m'chikwama cha mayi wamasiye amene akuganiza zoitaya. Imeneyo ndikaipeza sindinenerera mtengo. Ya Karajan yachisanu, itati ipezeke, ikhoza kudikira.

Kudikirako ndidakuphunzira kwa asodzi omwe aja timawaseka. Kumpoto kwa kuno, m'dera la Senior Chief Makanjira, kuli chilumba cha Mbenje, chotchuka ndi utaka. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu a kumeneko amatseka chilumbachi nyengo ya mvula, cha mu Disembala mpaka cha mu Epulo. Asodzi onse amachoka, nsomba zimaswana, ndipo pamene chatsegulidwa pali malamulo ake: mowa ayi, njuga ayi. Lamuloli silidachokere ku ofesi ya boma, ndipo akatswiri a zausodzi amabwera kuchokera kutali kudzaphunzira chifukwa chake nsomba za pa Mbenje zili zonenepa pomwe malo ena nyanja ikuuma. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti mafumuwo sadauze msodzi kuti aleke kukonda nsomba. Adangomuikira miyezi.

Inenso ndidaika yanga. Kuyambira Disembala mpaka Epulo, miyezi ya feteleza, ya fizi ndi ya nkhokwe yopepuka, sindigula chimbale cha kunja ngakhale chimodzi. Ndimatsitsa zimene ndili nazo kale, ndipo chaka chilichonse ndimapezamo zina zimene ndidazimva kamodzi kokha, mwinanso zili m'pulasitiki yake. Dzinja lina ndidatha Januwale yense ndi makwateti omaliza a Beethoven, amene adawalemba ali gonthi, mvula ikugunda malata mpaka ine ndemwe kumamva theka lokha.

Mayesero sasowa. Januwale wapitayu mphwanga adatumiza chithunzi pa WhatsApp: bokosi la nyimbo za Bach, ma CD oposa zana, pa sitolo ina ya katundu wakale ku Johannesburg. "Amalume, akugulitsa motaya. Loweruka likhala litapita. Nditenge?" Ndidakuza chithunzicho ndi zala ziwiri nkuwerenga mayina a oyimba mmodzimmodzi, kenako ndidaika foni pansi nkupita kukaona mmera kumunda. Madzulo ndidamuyankha kuti chilumba n'chotseka, andifunsenso mu Epulo. Adatumiza tinkhope toseka, nkuwonjezera kuti mnzake wina wa ku Balaka amene amakhala naye nyumba imodzi ali ndi makaseti akale a Alleluya Band m'sutikesi, ndipo alibe choimbira. Ndidamuuza kuti amenewo awakulunge bwino m'nsalu, asawaike pafupi ndi injini ya basi.