Chifukwa Chake Tinakana Kugula Chigayo

Abale ndi alongo, zaka zinayi zapitazo, titatuluka m'mapemphero kuno ku Furancungo, munakweza manja kutisankha kuti tiyang'anire thumba la amayi amasiye: wapampando, mlembi ndi msungichuma. Palibe mwa ife amene anapempha udindowu, ndipo palibe amene amalandirapo ngakhale metikali imodzi. Tsono popeza chisankho china chayandikira, ndipo tikudziwa kuti ena mwa inu tinakukhumudwitsani, taona kuti nkoyenera kufotokoza bwino za nkhani ya chigayo ija.

Mukudziwa kayendetsedwe ka thumbali. Banja lililonse limasonkha kamodzi pa chaka, fodya akagulitsidwa, ndipo abale athu amene anasamukira ku Tsangano amatumiza zawo akakumba mbatata ya kachewere. Bambo akamwalira, thumba limagula bokosi, ndipo mayi wotsalayo amalandira thandizo chaka ndi chaka kufikira tsiku lake. M'zaka zoyamba maliro anali ochepa, ndalama zinachuluka m'buku, ndipo akuluakulu ena anati, "Ndalamazi zikungogona. Tigule chigayo, kapena tingogawana." Tivomere poyera kuti nafenso mitima yathu inali komweko, pakuti munthu wosankhidwa amalakalaka kuomberedwa m'manja.

Chimene chinatibweza ndi mlendo. Mwana wa mlongo wake wa msungichuma wathu anabwera kumaliro kuchokera ku Johannesburg, kumene amagwira ntchito yotchedwa actuary. Awa ndi akatswiri a masamu amene makampani a inshuwalansi ndi a penshoni amawalemba kuti awerengere ndalama zoyenera kusungidwa lero pofuna kukwaniritsa malonjezo a zaka 30 kapena 40 zikubwerazo. Atatha kuika maliro, mnyamatayo anapempha buku lathu. Sanayang'ane kwambiri ndalama zotsala ayi. Anafunsa zaka za bambo aliyense ndi za mkazi wake. Kenako anati, "Amalume, ndalama izi zili ndi eni ake kale, kungoti amuna awo akadali moyo."

Tinakhala chete, ndipo iye anatilembera pa pepala. Tiyerekeze kuti chaka chilichonse amayi awiri akhala amasiye. Chaka choyamba thumba lithandiza awiri, chachiwiri anayi, ndipo pofika chaka chakhumi lidzakhala likuthandiza amayi pafupifupi 20, chifukwa oyamba aja akadalipo. Koma osonkha sawonjezeka chotero, ndiponso tonse tikukalamba limodzi, kotero kuti maliro adzachuluka pa nthawi imene mphamvu zolima fodya zidzakhala zitatha. Zimene tinkaziona ngati phindu zinali ngongole imene tsiku lake lobweza silinakwane.

Tinadabwa kumva kuti luso limeneli linakulira m'manja mwa abusa. Mbusa wa mpingo wa Lutheran dzina lake Caspar Neumann anasonkhanitsa kaundula wa obadwa ndi omwalira mu mzinda wa Breslau, umene lero ndi Wrocław ku Poland, ndipo mu 1693 Edmond Halley anagwiritsa ntchito kaundulayo kusonyeza kuti mwa anthu a msinkhu wakuti, ndi angati amafika chaka chotsatira. Pambuyo pake abusa awiri a ku Edinburgh, Robert Wallace ndi Alexander Webster, a mpingo womwewo wa Church of Scotland umene unadzatsegula mishoni ya Blantyre mu 1876, anagwidwa chisoni poona akazi a abusa anzawo akusauka amuna awo atamwalira. Anawerenga abusa omwalira chaka ndi chaka, amasiye otsala, ndi zaka zimene amasiyewo amakhala ndi moyo, mothandizidwa ndi katswiri wa masamu Colin Maclaurin, ndipo thumba lawo linayamba mu 1744. Anawerengera kuti pofika 1765 mudzakhala mapaundi 58,348. Chakacho chitafika anapezamo 58,347. Sanadziwe kuti adzamwalira ndani, pakuti izo adziwa ndi Mwini moyo yekha. Anangodziwa kuti mwa anthu ambiri adzamwalira angati.

Koma chimene chinatikhudza koposa ndi chimene mlendo wathu ananena za bungwe lawo. Akatswiriwa ali ndi mabungwe awoawo: la ku London linayamba mu 1848, la ku South Africa mu 1948, ndipo atsogoleri ake amasankhidwa pakati pa mamembala omwewo. Iyenso anzake anamusankha kukhala m'komiti ina, ndipo amatumikira madzulo akaweruka ku ntchito, popanda malipiro, monga ife. Ntchito yawo ndi kuika malamulo a kawerengedwe koona, kuyesa ofuna kulowa ntchitoyi, ndi kuweruza mnzawo amene wakometsera ziwerengero kuti akondweretse bwana wake. Anati misonkhano yaitali siimulemetsa. Chimamulemetsa ndi kuimirira pamaso pa anthu amene anakusankha chifukwa chokukonda, ndi kuwauza chimene safuna kumva. Tinayang'anana atatufe, chifukwa tinadziwa kuti nafe tsiku lotero latipeza.

Zotsatira zake munaziona nokha. Pa msonkhano wa chaka chatha tinakana chigayo, ndipo tinapempha kuti chopereka chikwere pang'ono, ndi kuti olowa atakula kale azisonkha zochulukirapo kuposa achinyamata. Agogo ena amene anali nawo poyambitsa thumbali anaimirira nati, "Ana inu, mwayamba kutiwerengera masiku a imfa?" Mawu amenewo anatilasa, ndipo sitikuwaimba mlandu, pakuti kwathu kuno kunena za imfa ya munthu wamoyo kumamveka ngati kumulodza. Mabanja ena anasiya kusonkha. Mmodzi wa ife sanapatsidwe moni pa msika kwa miyezi ingapo. Tinalakwanso ifeyo: tinafika ndi pepala la masamu tisanayambe tayendera akuluakulu kumakomo kwawo, ndipo anamva nkhani yolemera chotero pagulu, ngati kuti tikuwadzudzula. Pa ichi tikupepesa.

Koma pa chigayo sitinasinthe maganizo. Chigayo chimawonongeka, mafuta amakwera mtengo, ndipo mayi wamasiye sangadikire kuti chikonzedwe kaye asanagule chimanga mu Januwale. Pakali pano amayi onse amene tinawalonjeza alandira gawo lawo, osapereweranso.

Chisankho chikafika, muli ndi ufulu wosankha ena, ndipo tidzawapatsa buku ndi makiyi popanda kunyinyirika. Tawonjezeramo tsamba limene kale munalibe, lolembapo chaka chobadwa cha bambo ndi mayi aliyense, ndipo tikupempha amene sanalembetse kuti abwere ndi chiphaso chawo kapena kalata ya ubatizo. Bukuli lili kwa mlembi, ndipo aliyense wofuna kuliona alipeza pa khonde la kachisi Lamulungu lililonse mapemphero akatha.