Bowa Ali Yense ndi Mtengo Wake

Tsiku lina m'mwezi wa January, mvula itagwa usiku wonse, ndinakwera ndi ana a sukulu kuchokera m'chigwa chathu cha Domasi kunka ku mitengo ya paini ya pa phiri la Zomba. Mnyamata wina anatola chipatso chovunda cha paini, chonga chitsononkho cha chimanga, ndipo pa icho panali patamera tibowa titatu, tosaposa chikhadabo kukula kwake. Anati, "Aphunzitsi, kodi bowa uyu dzina lake ndani?" Madzulo ndinapita nacho kwa amai anga okalamba, amene adziwa bowa wa m'thengo monga adziwa zidzukulu zao. Anachitembenuza kawiri, nati, "Ichi nchirombo, mwananga, kataye."

Sanalakwe ai, pakuti kwathu kuno chimene chidyedwa ndicho bowa, ndipo zotsala zonse ndi zirombo. Brian Morris, amene anakhala pa Makwawa naphunzira kwa akazi a m'midzi ino, nalemba buku la bowa wa m'Malawi m'chaka cha 1987, iyenso anakumva kugawa kumeneku.

Koma ine sindinataye, chifukwa tibowa totere tili ndi mwambo wozizwitsa. Ku Ulaya, kumene mitengo ya zipatso zotere ili yambiri, tilipo ta mitundu mitundu, ndipo kali konse kasankha pake. Kamene ophunzira akatcha Strobilurus esculentus kamera pa chipatso cha mtengo wa spruce, ndipo mbale wake, Strobilurus tenacellus, akonda cha paini. Chipatso chikakwiririka m'nthaka, kabowa katsitsa tsinde lake lalitali kufikira kachipeza. Kena, Auriscalpium vulgare, kali ndi timinga kunsi kwa chisoti chake. Ntchito ya tonseti ndiyo kuvunditsa chipatso, chisanduke dothi.

Powerenga izi ndinaseka ndekha, pakuti amai athu anazidziwa kale lomwe, opanda buku. Ndani afuna manda kapena utale kutali ndi chiswe? Chiswe ndicho chilima bowa ameneyu m'nyumba yake pansi. Ndipo chipatwe ndi ndelema muwapeza patsinde pa mombo ndi msuku, osati m'munda wa chimanga, chifukwa ulusi wao wopyapyala ukulunga mizu ya mtengo, nuupatsa madzi ndi mchere wa m'nthaka, ndipo mtengo ubwezera chakudya chopangidwa m'masamba ake. Ndicho chifukwa chake palibe munthu anadzala chipatwe m'dimba.

Tsono paini wa pa phiri lathu ndi mlendo. Kwao ndi ku Mexico. J. B. Clements, wa ntchito ya nkhalango, analemba m'chaka cha 1941 kuti mbande za paini zinali kukana kukula m'dziko muno kufikira anazithira dothi lochokera pa mizu ya paini unzake, m'mene munali bowa wake. Mlendo anadza ndi atsamwali ake, ndipo apa, abale anga owerenga, mpamene ndichita mantha. Mmodzi wa atsamwaliwo ndiye Amanita muscaria, wofiira, wa mawanga oyera, wokoma m'maso, koma wodwalitsa koopsa. Mvula ikatsuka mawangawo afanana ndi bowa wofiira amene tidya. Nzeru ya amai athu inakulira pansi pa msuku; pansi pa paini iwonso ndi ana. Musatume mwana kukazula ndiwo kumeneko, ngakhale dengu lidzale msanga.

Chondiwawa koposa nchakuti misuku yomweyo ilikutha. Chaka chino amai anatuma mdzukulu wao ku chitunda kumene iwo ankazula chipatwe akali namwali. Mwanayo anabwera dzuwa litapendeka, lichero lili gwa, nati kumeneko kwatsala zitsa ndi maenje a makala.