Njala Yobwerera Si Kususuka

Amayi anzanga, atandipeza ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, adokotala anandilangiza kuchepetsa thupi. Ndinachepetsa mitanda ya nsima, ndinaleka mandasi a pa siteshoni ya sitima pano pa Nkaya, ndipo madiresi akale anayambanso kundikwana. Koma patapita miyezi njala inandivuta kuposa kale, thupi n'kuyamba kubwerera. Ndinkadzida, ndimvekere ndine wosusuka.

Anandimasula ndi namwino wina. Iye anati m'mimba mumapangidwa timadzi totchedwa ghrelin, timene timauza ubongo kuti kuli njala, pamene m'matumbo mumachokera tina tonena kuti takhuta. Munthu akaonda, ta njala timachuluka, ta kukhuta n'kuchepa. Mu 2011 madokotala a ku Melbourne, m'dziko la Australia, analengeza zimene anapeza pa anthu amene anawachepetsera chakudya kwa milungu 10: chaka chathunthu chitatha, timadzito tinali tisanabwerere mwakale. Thupi limayesa kuti kwagwa chilala.

Tsono inu amene muli pa ulendo womwewu, musadziimbe mlandu, ndiponso musamadzimane chakudya tsiku lonse. Phikani nsima ya mgaiwa, ndiwo zake nandolo, nyemba, usipa ndi masamba ambiri, pakuti zimenezi zimakhalitsa m'mimba. Gonani mokwanira, kusowa tulo kumawonjezera njala.

Ife a m'gulu lathu timapita limodzi kukakwera sikelo mwezi uliwonse, ndipo wobwerera m'mbuyo sitimseka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.