Amayi, chizungulire chimenecho musachipeputse

Okondedwa Amayi,

Achemwali andiuza kuti masiku ano mukadzuka pamphasa, m'maso mumachita mdima mpaka mumagwira khoma, ndipo inu mukuti ndi ukalamba chabe. Amayi, n'kutheka kuti mankhwala aja akutsitsa BP kupyola muyeso.

Mapiritsi a HCT amene mumamwa m'mawa amachotsa madzi ndi mchere m'thupi, n'chifukwa chake mumataya madzi pafupipafupi. Enalapril naye amamasula mitsempha kuti magazi aziyenda mosavuta. Tsono uno ndi Okutobala. Mukusosa kumunda dzuwa likuswa mtengo, thukuta lili kamukamu, madzi osamwa. Mukaphatikizapo kusala kudya kwa kumpingo kapena kutsegula m'mimba, thupi limauma, ndipo mukaimirira magazi safika okwanira ku ubongo.

Makina oyezera BP akaonetsa pansi pa 90/60, achipatala amati BP yatsika. Alipo ena amene amakhala pamenepo ali gwa, osamva kanthu. Chodetsa nkhawa ndi pamene pali chizungulire, kufooka kapena kusaona bwino, chifukwa pamsinkhu wanu kugwa kamodzi kokha kutha kuthyola fupa la m'chiuno. Pemphani kuti akuyezeni mutagona, kenako mutaimirira. Nambala yapamwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposerapo, adokotala adziwa pogwira.

Pakadali pano, mukadzuka muzikhala tsonga kaye musanaimirire. Chizungulire chikabwera, gonani pansi, miyendo muisanjike pampando. Kumunda muzinyamula chigubu cha madzi. M'mimba mukatsegula, sungunulani Thanzi ORS ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo, poti mankhwala a BP awiri aja amatha kuvulaza impso thupi likauma.

Chimene ndikukupemphani kwambiri n'chakuti musasiye mankhwala panokha. BP imakwera mwakachetechete, mapeto ake sitiroko. Ochepetsa kapena kusintha mankhwala ndi achipatala. Tengani buku lanu lakuchipatala ndi mapaketi onse, muwauzenso za zitsamba zimene anzanu amakupatsani.

Koma mukakomoka, mukamva kupweteka pachifuwa, phuma, mutu kusokonezeka, thukuta lozizira, kapena chimbudzi chikada ngati phula, musadikire tsiku lokatenga mankhwala. Achemwali apeze galimoto nthawi yomweyo, ngakhale utakhala usiku.

Ndalama yoyendera ndatumiza pafoni ya achemwali. Mupite mawa m'mawa, ndipo madzulo ndiimba kuti ndimve zimene adokotala anena.

Ndine mwana wanu wokukondani.