Mauthenga opanda mwini

Kale uthenga sunkafika pakhomo wokha. Unkabwera ndi munthu, ndipo munthuyo anali ndi dzina, mudzi ndi mfumu yake. Akanama, anthu ankadziwa kokamupeza.

M'zaka za m'ma 1980, pamene mlembi wa nkhani ino ankaphunzira pulayimale kumadzulo kwa boma la Lilongwe, midzi yambiri ya kwa Kalolo, kwa Kabudula ndi kwa Khongoni inkalandira makalata kudzera pa keyala ya sukulu kapena ya mishoni. Munthu mmodzi ankapalasa njinga kukatsegula bokosi ku positi ofesi, ndipo m'mawa mwake aphunzitsi aakulu ankaitana mayina ana ali pamzere. Mwana ankaika kalatayo pakati pa kope kuti isakwinyike, n'kukaipereka kwa agogo ake ataweruka. Ambiri mwa agogowo sankatha kuwerenga, koma sankapusitsika wamba. Asanang'ambe envulopu ankayamba aitembenuza, kuyang'ana sitampa, kenako n'kufunsa kuti, "Kalembedwe aka n'ka ndani?" Mdzukulu akayamba kuwerenga, iwo ankatchera khutu ku moni. Mwana wawo amene anapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku TEBA, ulendo umene unatha mu 1988, anali ndi kaperekedwe kake ka moni: amayamba ndi amalume, kubwera kwa mayi, kuthera pa ng'ombe za m'khola. Kalata yolumpha zonsezi n'kuthamangira kupempha ndalama inkakayikitsa pomwepo.

Uthenga wa maliro unali ndi njira yake. Unkayamba wafika kwa mfumu, ndipo anyamata otumidwa kumidzi ina ankadziwika kuti ndi ana a uje. Achibale akutali ankamvera pa mauthenga achisoni a pa wailesi ya MBC, ndipo nawonso ankadutsa m'manja mwa anthu asanaulutsidwe. Paliponse panali wina wogwira lichero, wopeta kuti mankhusu apite, maso a chimanga atsale.

Sikuti zonse zinali bwino. Wowerengera anzake makalata ankadziwa zinsinsi za mabanja, ndipo ena pakamwa sipankatsekeka. Panali amayi amene ankamva mochedwa kuti amuna awo anatumiza ndalama, zitathera m'matumba a achibale. Choopsa kwambiri chinali chakuti mu ulamuliro wa chipani chimodzi anthu ankalemba mwamantha, podziwa kuti kalata ikhoza kutsegulidwa panjira ndi apolisi achinsinsi. Amene anakhalako masiku amenewo sangalakelake kuti abwererenso. Komabe mlendo wosadziwika sankatha kulankhula ndi gogo wa ku Nambuma popanda wina aliyense kumva.

Mafoni a m'manja anafika m'dziko muno ndi kampani ya TNM mu 1995, ndipo Celtel, imene inadzakhala Zain kenako Airtel mu 2010, inatsatira mu 1999. Poyamba mafoniwa anali a mabwana a m'tauni. Kumidzi kunayamba kufika timabyulo ta telefoni pa ma trading centre, pomwe munthu ankalipira pa mphindi, mwini byulo ali pompo kumvetsera. Kenako kunabwera timafoni totchipa timene anthu anatipatsa dzina loti Mose wa Lero, ndipo anthu anayamba kukwera pachulu kusaka netiweki. Chimwemwe chake chinali chenicheni. Ulendo wa tsiku lonse wokangonena kuti mayi agonekedwa kuchipatala unasanduka mawu awiri atatu olemba ndi chala.

Anthu a ku Namitete anaona ubwino umenewu msanga kuposa madera ambiri a mu Africa. Mu 2008 wophunzira wina wa pa yunivesite ya Stanford ku America, Josh Nesbit, anafika pa chipatala cha St Gabriel's ndi mafoni akale 100, laputopu imodzi ndi pulogalamu yotchedwa FrontlineSMS. Mafoniwo anagawidwa kwa anthu odzipereka osamalira odwala m'midzi. M'malo moyenda mtunda wautali kukanena kuti wodwala TB wasiya kumwa mankhwala kapena kuti wina wafooka, ankangotumiza meseji, namwino n'kuiwerenga pa laputopu ija, n'kuyankha kapena kukwera njinga yamoto. Ntchito imeneyi ndi imene inabala bungwe la Medic Mobile, limene njira zake zinafalikira m'mayiko ambiri. Chimene chinaipangitsa kuyenda bwino sichinali makina okha. Nambala iliyonse yotumiza uthenga inali ndi mwini wodziwika, ndipo kumapeto kwake kunali munthu wowerenga ndi kusiyanitsa chofunika changu ndi chimene chingadikire.

Zinthu zinatembenuka pamene ndalama zinalowa mu foni. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba ya TNM mu 2013. Kuyambira pamenepo foni ya mlimi sinalinso khutu lokha, inakhalanso thumba. Ndipo akathyali anazindikira msanga kuti kulemba meseji kwa anthu mazanamazana kumatchipa kwambiri kuposa kuthyola nyumba imodzi.

Palibe mwini foni ku Mpingu kapena ku Msundwe amene sanalandireko mauthengawa. Wina umati ndalama ija mutumize pa nambala iyi, dzina lituluka lakutilakuti, ngati kuti munagwirizana kale. Wina umati mwawina njinga yamoto pa mpikisano umene simunalowe. Wina ndi wa munthu wodzitcha dalaivala, akuti wanyamula katundu wanu kuchokera ku Joni ndipo wagwidwa pa boda ya Dedza kapena Mwanza, pakufunika kangachepe kuti adutse. Wina ndi wa sing'anga wochulukitsa ndalama. Wina umafanana ndendende ndi uthenga wosonyeza kuti mwalandira ndalama, ndipo posakhalitsa foni imalira, munthu akudandaula kuti watumiza molakwika, chonde bwezani. Wopweteka kuposa yonse ndi wonena kuti mwana wanu wakomoka kusukulu yogonera konko ndipo aphunzitsi akufuna ndalama ya galimoto msangamsanga. Olemba mauthengawa amaidziwa kalendala ya mlimi. Fodya akayamba kugulidwa ku okushoni ya ku Kanengo, soya ndi mtedza zikamatuluka m'minda, mauthenga amachuluka. Mvula ikayandikira, nkhani imasanduka ya feteleza wotsika mtengo, kapena ya kulemba mayina a Mtukula Pakhomo.

Njira zimenezi sizinayambire kuno. Uthenga woyamba wotsatsa malonda wotumizidwa pa makompyuta kwa anthu osaupempha unalembedwa mu 1978 ndi Gary Thuerk wa kampani ya Digital Equipment Corporation ku America. Makalata achinyengo a ku Nigeria, odziwika ndi nambala 419, ankayenda pa positi ndi pa fakisi intaneti isanafale. Ku Kenya, komwe M-Pesa inayamba mu 2007, ndende ya Kamiti inatchuka ndi mauthenga obera anthu, monga momwe kuno akuluakulu a bungwe loyang'anira za mafoni la MACRA ndi apolisi akhala akutchulira ndende yaikulu ya Zomba. Kusiyana kwake n'kwakuti m'mayiko olemera ntchito yopeta inapatsidwa kwa makina. Munthu wa Gmail saona n'komwe zinyalala zambiri zimene zimatumizidwa kwa iye, chifukwa zimakankhidwira pambali zisanamufike. Gogo wa kafoni ka mabatani alibe chomutchinjiriza chotere. Uthenga wa mdzukulu wake ndi uthenga wa wakuba zimalira mofanana, n'kukhala pamzere umodzi.

Ndiye akupeta ndani lero? Aliyense wofuna yankho akaime pafupi ndi kabenchi ka ejenti wa ndalama za pa foni pa Nsaru tsiku la msika. Mlembi anaonapo mayi wachikulire atafika ndi foni yomangidwa ndi mphira, ndalama zili pa mfundo ya chitenje. Anapereka foniyo kwa mtsikana wa pabenchipo kuti awerenge yekha nambala yotumizirako. Mtsikanayo anawerenga, n'kukhala kaye chete.

"Agogo, amene walemba uthengawu mukumudziwa?"

"Akuti ndi dalaivala, mwanawe. Wanditengera katundu kwa mwana wanga ku Joni."

"Nanga mwana wanuyo anakuuzani yekha kuti watumiza katundu?"

Mayiyo anapukusa mutu. Mtsikanayo anatulutsa foni yake, n'kuimba pa WhatsApp ndi bandulo yakeyake, anthu ena ali pamzere akung'ung'udza kuti akuchedwa. Mwana wa mayiyo anayankha ali kuntchito, ndipo za katundu sankazidziwa. Agogo aja anamanganso mfundo yawo, manja akunjenjemera. Mtsikana uja akanangotumiza ndalamazo akanapezapo kake, chifukwa ejenti amadyera pa ndalama zimene zadutsa m'manja mwake. Pokana, anataya phindu, nthawi ndi bandulo, ndipo palibe buku limene linalemba kuti tsiku limenelo wapulumutsa ndalama za feteleza za banja lina.

Opeta a lero ndi amenewa: ma ejenti achifundo, ana asukulu owerengera makolo mameseji, aphunzitsi, alangizi a zaumoyo, akuluakulu a mpingo amene amachenjeza anthu pa zolengeza za Lamulungu, ndi mafumu amene amatenga mwayi wa pamaliro kunena kuti nambala yachinsinsi sauza munthu, ngakhale wodzitcha wa kukampani. Ntchito imene kale inali ndi malo ake m'mudzi tsopano ikungodalira mwayi. Amene wapeza ejenti waphuma, kapena walandira uthenga usiku ali yekha, amaberedwa. Ndipo ambiri akaberedwa sanena, poopa kusekedwa kuti anapusa.

Boma silinangokhala. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaletsa kutumiza mauthenga osapemphedwa ndi cholinga chochita zosaloledwa. Mu 2017 bungwe la NRB linalemba anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika, ndipo mu 2018 MACRA inalamula kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Anthu anaima pamizere padzuwa ku Namitete ndi ku Kabudula, atauzidwa kuti nambala iliyonse ikhala ndi nkhope. Koma patapita zaka zochepa MACRA yomweyo inanena kuti Amalawi akutaya ndalama pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera m'kuberedwa pa foni. Chimodzi mwa zifukwa zake chimakhudza midzi mwachindunji: akuba amalembetsa masimukhadi pogwiritsa ntchito ziphaso za anthu ena. Munthu amabwera m'mudzi, akuti akulemba mayina a chithandizo, amajambula ziphaso, n'kupita. Apolisi akadzalondola nambala yobera anthu, imakathera pakhomo pa mlimi amene sanaigwirepo.

Pali chinthu china chimene mlembi amachiona kuti n'chosalungama. Mauthenga ambiri enieni a makampani, osonyeza kuti ndalama zalowa kapena zatuluka, amabwera m'Chingelezi, ndipo amasakanikirana ndi otsatsa mipikisano, nyimbo zoimbira foni, ngongole ndi kubetcha mpira. Wakuba yekha ndiye amalemba Chichewa chomveka, chaulemu, choyamba ndi moni. Munthu amene sanapite patali ndi sukulu amamva msanga uthenga wabodza kuposa woona. Sikupusa kumeneko. Ndi zotsatira za kumusiya munthu yekha pakati pa mawu ochuluka amene ambiri sanalembedwere iye.

Ndipo kuwonongeka sikuthera pa ndalama. Anthu amene analumidwapo ayamba kukayikira chilichonse. Alipo amene salabadiranso nambala yachilendo, ngakhale itakhala ya mnansi amene wabwereka foni kuti anene za ngozi yeniyeni pa msewu wa ku Mchinji. Uthenga wa chipatala wokumbutsa tsiku la sikelo, kapena wa alangizi wochenjeza za mbozi m'chimanga, umafufutidwa pamodzi ndi wa sing'anga wa ndalama. Chida chimene chinafupikitsa mtunda wa pakati pa mudzi ndi St Gabriel's chikutha mphamvu chifukwa anthu asiya kuchikhulupirira.

Kuphunzitsa anthu kusamala n'kofunika, ndipo mawailesi akuyesetsa. Koma n'kulakwa kusenzetsa gogo wa ku Nambuma katundu yense. Nambala imene yatumiza uthenga umodzimodzi kwa anthu mazana pa ola limodzi imaoneka pa makina a kampani, sioneka pa kafoni ka agogo. Ndalama zobedwa zimadutsa m'njira za kampani, ndipo pamene zikutumizidwa ndi kutapidwa pamadulidwa kangachepe. Amene akupindula ndi njirayo ndi amene ali ndi mphamvu komanso udindo woitchinjiriza: kutseka nambala zotere msanga, kuimitsa ndalama munthu akangodandaula, kulemba mauthenga awo m'Chichewa, kuchepetsa zotsatsa, ndi kulola munthu aliyense kuona mosavuta kuti ndi nambala zingati zalembetsedwa pa chiphaso chake. Izi zingatheke popanda kuwerenga zinsinsi za anthu monga zinkachitikira kale, ndipo lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 lilipo kuti liike malire.

A MACRA ndi makampani a mafoni atenge ntchito imeneyi ngati yawo, ndipo ma ejenti amene akuigwira kale pa Nsaru, pa Namitete ndi pa Mpingu aphunzitsidwe ndi kulipidwa.